Mkonono Ukatha, Chifuwa Chiyang'aniridwe

Anthu ambiri amayesa mkonono chinthu choseketsa, koma kwa ena ndi chizindikiro cha nthenda yobanika kutulo. Munthu akagona, minofu ya pakhosi imalefuka, ndipo lilime limagwera kumbuyo ndi kutseka njira ya mpweya. Wodwalayo amasiya kupuma kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, kambirimbiri pa usiku umodzi. M'mawa amadzuka mutu ukuwawa, masana amangosinza. Kwa dalaivala wa basi, kusinza kotereku ndi imfa kwa iye ndi okwera omwe.

M'chaka cha 1981, Colin Sullivan wa ku Sydney, ku Australia, anayambitsa makina otchedwa CPAP, amene amakankhira mpweya m'mphuno usiku wonse. Makinawa amalira magetsi. Njira ina ndi kachipangizo kovala m'mano pogona, kopangidwa ndi dokotala wa mano. Kamakokera nsagwada ya m'munsi kutsogolo pang'ono kuti njira ya mpweya isatsekeke.

Tsono kwa odwala ochepa, njirayo ikatseguka mkonono umatha, koma pamabuka kubanika kwa mtundu wina kochokera mu ubongo. Ubongo umalamula thupi kupuma malinga ndi kuchuluka kwa mpweya woipa m'magazi. Munthu wozolowera kupuma movutikira akayamba kupuma mosavuta, amatulutsa mpweya woipawo mopitirira muyeso. Ubongo ukaona kuti wachepa, umayamba wadikira osatumiza lamulo, ndipo munthuyo amangokhala osapuma ngakhale pakhosi pali potseguka. Madokotala aona zimenezi makamaka mwa ogwiritsa ntchito CPAP, koma zaonekanso mwa ena ovala kachipangizo ka m'mano. Odwala mtima ndi omwa mankhwala amphamvu oletsa ululu, monga morphine, ayenera kusamala koposa.

Wogona sangadzione yekha; mboni yake ndi mkazi kapena mwamuna wake. Pa kubanika koyamba kuja chifuwa chimalimbana, chimakwera ndi kutsika ngakhale mpweya sukudutsa. Pa kwachiwiriku chimangoti duu, osagwedezeka konse. Choipa chake n'chakuti banja limakondwera kuti phokoso latha, osadziwa kuti munthu akubanikabe mwakachetechete.

Mwa ambiri ogwiritsa ntchito CPAP vutoli limatha lokha pakapita masabata kapena miyezi yowerengeka, komabe woweruza ndi dokotala. Wodwala amene akusinzabe masana abwerere kuchipatala pamodzi ndi amene amagona naye, atanyamula kachipangizoko, kuti akamutumize kokayezetsa kapumidwe kake ka m'tulo atakavala.