Kodi Kamsilikali Aka Ndi Mapointi Angati?

Phokoso mukumvalo ndi la madayisi akugubuduzika pa tebulo. Tili ku Nottingham, m'dziko la England, muholo ya Warhammer World yomwe ili palikulu la kampani ya Games Workshop. Patebulo pali timapiri, tinyumba togumuka ndi tiasilikali ta pulasitiki topentedwa pamanja, tambiri totalika ngati chala chamanthu. Osewera awiri aima uku ndi uku, tepi yoyezera ili m'manja. Nkhondo isanayambe, aonetsana ndandanda ya magulu awo. Pamipikisano yambiri ya masewerawa, otchedwa Warhammer 40,000, aliyense amaloledwa mapointi 2,000 basi, ndipo kagulu kalikonse, kaya ndi asilikali oyenda pansi kaya akasinja, kali ndi mtengo wake.

Nanga mtengowo amaupeza bwanji?

Pomwe Rick Priestley ankatulutsa buku la malamulo a masewerawa lotchedwa Rogue Trader mu 1987, anaikamo njira yowerengera. Umayamba ndi munthu wamba, n'kumawonjezera mapointi pa liwiro, mphamvu, luso lowombera, chovala chodzitetezera ndi chida. Zikumveka zachilungamo, koma patebulo zinthu siziphatikizana choncho. Mfuti yaikulu m'manja mwa wophonya ndi yachabe, pomwe mfuti yomweyo kwa katswiri imasesa gulu lonse. Liwiro ndi chuma kwa wa lupanga amene ayenera kufika pafupi ndi mdani, koma kwa wobisala n'kumawombera ali patali, lilibe phindu lenileni. Ndiye pali mtsogoleri amene payekha sapha aliyense, koma onse omuzungulira amamenya bwino chifukwa cha iye. Ameneyo mumugulitsa zingati?

Kuchuluka nakonso kumanyenga. Mu 1916 injiniya wa ku Britain, Frederick Lanchester, anaonetsa kuti pankhondo yowomberana, gulu lochuluka kawiri limakhala ndi mphamvu kanayi, chifukwa mfuti zonse zimatha kulunjika pamodzi. N'chifukwa chake kutsitsa mtengo wa kamsilikali kotchipa ndi pointi imodzi yokha kumatha kusokoneza masewera onse.

Mu 2015 kampani ya Games Workshop inatulutsa masewera ena a Age of Sigmar opanda mapointi n'komwe, kuti anthu azingogwirizana okha. Abwenzi akale ankatha kutero. Koma anthu osadziwana, okumana koyamba pampikisano, analibe poyambira. Osewera anayamba kupanga miyezo yawoyawo, ndipo mu 2016 buku la General's Handbook linabweretsa mapointi.

Ife tikuona kuti osewera ofuna mapointiwo ankanena zoona. Munthu amene watha miyezi akupenta gulu lake ayenera kufika patebulo ali ndi mwayi wopambana, ndipo mapointi, ngakhale operewera, ndiwo amamupatsa mwayiwo. Masamu amangopereka poyambira. Mtengo weniweni umadziwika anthu akasewera kambirimbiri, n'kuona gulu lomwe likungopambana ndi lomwe aliyense akulisiya m'bokosi. Masiku ano Games Workshop imasintha mapointi a Warhammer 40,000 kangapo pachaka, poyang'ananso zotsatira za mipikisano.