Chenji cha mandasi chikuthera pa gemu ku Limbuli

Wolemba Mtolankhani Wathu

Amalonda anzanga, ngati mwana amene mumamutuma kukagulitsa mandasi akumabwera ndi beseni lopanda kanthu koma ndalama zili zoperewera, musathamangire kunena kuti pamsika pali chitaka. Imvani kaye zimene ndakaona ine ku Limbuli, m'boma la Mulanje.

Ndinali pa ulendo wopita ku chipata cha Muloza, pa msewu uja wa M2 wodzera ku Thyolo ndi ku Luchenza. Minibasi itaima pa Limbuli kudikira kuti idzaze, ndinatsika kuti ndiongoleko miyendo. Inu amene mumakapikula chimanga, nandolo ndi nyemba mukupadziwa bwino pamenepa: njinga zosenza matumba kuchokera ku Milange m'dziko la Mozambique, minda ya tiyi ili biriwiri, Chilomwe, Chichewa ndi Chipwitikizi zikumveka pamodzi.

Koma chimene chinandikoka ine si chimanga ayi. Kuseli kwa mashopu kunkamveka chiphokoso ngati kuti Bullets ndi Wanderers zakumana. Nditasuzumira ndinapeza kachipinda kamdima, mabenchi atatu, ma TV awiri, ndi anyamata ali thithithi. Anayi anali atagwira timakina ta mabatani timene amati mapadi, ena onsewo n'kumachemerera. Iyi ndiye shopu ya magemu, abale.

Makina ake ndi PlayStation, opangidwa ndi kampani ya Sony ya ku Japan. Oyamba anatuluka mu 1994, chaka chimene ife tinkavota pa chisankho cha matipate. Amene ndinawaona pa TV imodzi ndi PlayStation 2, a mu 2000. Kunjako anasiya kuwapanga kalekale, koma kuno akudyetsabe banja. Gemu yokondedwa ndi ya mpira, FIFA. Eni ake anaisintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, koma pa Limbuli zimenezo alibe nazo ntchito, ndi FIFA basi. Otopa ndi mpira amaika Mortal Kombat, gemu ya nkhonya ndi mateche.

Mwini shopuyo ndi mnyamata waulemu wake. Anandikhazika pa benchi n'kundifotokozera kuti mpamba anaupeza pogwira maganyu othyola tiyi, makinawo n'kuwagula ogwiritsidwa kale ntchito kwa m'bale wake wochokera ku Joni. Geniyi ili ndi minga yake. Magetsi akathima ndiye kuti tsikulo wagona ndi njala, pokhapokha batire ya sola ikhale yodzaza. Mapadi sachedwa kufa chifukwa anyamata amadinya ndi mtima wonse, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kugula ena ndi nkhani ina. Kunena zoona mnyamatayu sakuba, sakupempha, akudya thukuta lake ngati inu ndi ine.

Vuto lili pa lamulo la masewerawa: wochinyidwa ndiye amalipira, wopambana amakhalabe pampando. Tsono ndani amavomera kuchinyidwa pamaso pa anzake? Aliyense amati ndibwezere kamodzi kokha. Kamodziko kamabala kawiri, kawiri kamabala kasanu.

Pakhomo panali beseni la mandasi lovundikira ndi nsalu, ntchentche zikuchita nalo phwando. Mwini wake, kamnyamata ka sukulu ya pulaimale, anali mkati, maso ali tong'o pa TV. Ndinamuona akupisa m'kathumba ka pulasitiki ka ndalama za malonda katatu konse ine ndili pomwepo. Nthawi n'kuti ili cha m'ma 10 koloko m'mawa, tsiku la sukulu. Madzulo akawauza chiyani mayi ake amene anadzuka tambala woyamba kukazinga mandasiwo, ufa ndi mafuta zili zapangongole?

Sikuti ndikunena kuti mashopuwa atsekedwe. Kale ana ankazembera ku vidiyo sho kukaonera Rambo, lero ndi gemu, mawa kudzabwera china. Komanso zimenezi si za ku Limbuli kokha. Pitani ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Chibavi, mukazipeza.

Chofunika n'chakuti makomiti a m'misika akhale pansi ndi eni mashopuwa n'kupangana: mwana asalowe nthawi ya sukulu, ndipo wobwera ndi beseni, thireyi ya mazira kapena lichero la mtedza abwezedwe pakhomo. Nanunso makolo, muziwerenga mandasi potuluka, muziwerenga ndalama pobwera. Ngati mwana wagulitsa bwino, mpatseni kake kapadera akasewere Loweruka, kusiyana n'kuti aphunzire kupisa mu mpamba. Paja mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Kondakitala atayamba kumenya chitseko cha minibasi ndinatuluka. Beseni lija linali likadali pomwe paja, padzuwa.