Nkhunzi imodzi zaka khumi: khola likutha tikuona

Ambiri a ife amene tikhala mu Libuyu muno mu Livingstone tili ndi ng'ombe kumudzi, ena kwa Mukuni, ena kwa Musokotwane kapena kwa Sekute. Ng'ombezi ndizo banki yathu: zilipira sukulu ya ana, malowolo ndi maliro. Koma dandaulo lomveka pamsika ndi lakuti ng'ombe za masiku ano nzazing'ono, zibala mocedwa, ndipo ogula nyama apereka ndalama zocepa. Timaloza cala cilala ndi nkhupakupa, ndipo nzoona. Koma pali cifukwa cina cimene sitikamba: nkhunzi imodzi kukhala m'khola zaka zambiri, nkumakwera ana ake ndi adzukulu ake omwe.

Bvutoli silinabwere lokha. Matenda a denkete anapha ng'ombe zambiri kuno kumwera m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Cilala ca 1992, ca 2019 ndi ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February caka cimeneco, cinacepetsanso makola. Njala ikafika timagulitsa nkhunzi yaikulu popeza ndiyo ya ndalama. Mathole amphongo amphamvu timafula kuti akoke pulawo ndi ngolo. Yotsala kuti ibereketse ndi ija yonyozeka, ndipo kawirikawiri ndi m'bale wa zazikazi zonse za m'kholamo.

Thole litenga theka la cibadwa cake kwa tate, theka kwa mai. Ng'ombe yooneka bwino ingathe kusunga cilema cobisika, cimene cionekera pokhapokha thole likacilandira mbali zonse ziwiri. Ng'ombe zosiyana magazi sizikhala ndi cilema cimodzimodzi kawirikawiri, koma zapacibale zikhala naco. Akatswiri ayesa kubwerezana kwa magazi kumeneku motere: nkhunzi ikakwera mwana wake, kapena mlongo wake wa tate mmodzi ndi mai mmodzi, thole likhala pa 25 peresenti. Zikakhala za tate mmodzi koma amai osiyana, ndi 12.5 peresenti. Nambalayi ikamakwera, zazikazi zicedwa kutenga bere, mathole abadwa ofooka, akula pang'onopang'ono, ndipo matenda awagwira msanga. Atonga aletsa ukwati pakati pa anthu a mukowa umodzi, Acewa nawonso amafunsa pfuko. Nanga bwanji m'khola sitifunsa?

Wina anganene kuti alimi a mafamu akuluakulu nawonso amakweretsa ng'ombe zapacibale. Inde, koma iwo acita mwadala ndiponso ndi buku m'manja. Asankha nkhunzi imodzi yabwino koposa, nasunga magazi ake mumzera kupyolera mwa acibale apatali, osati tate ndi mwana caka ndi caka. Mtundu wa Santa Gertrudis unayamba motero pa famu ya King Ranch ku Texas, kucokera ku nkhunzi imodzi yochedwa Monkey, yobadwa mu 1920. Cinsinsi cao nkutaya: thole lililonse losakhutiritsa lipita kokaphedwa. Mlimi wa ng'ombe zisanu ndi imodzi alibe zotaya.

Ngakhale akatswiriwo amapsa nazo. Mu 2008 alimi a ng'ombe za Angus ku America anayamba kuona mathole obadwa akufa, msana ndi miyendo zopindika. Atafufuza anapeza kuti ambiri anacokera ku nkhunzi imodzi yochuka, GAR Precision 1680, imene mbeu yake inafalitsidwa m'makola ambirimbiri. Ngati izi zinagwera anthu okhala ndi mabuku ndi madokotala, kuli bwanji ife?

Tsono ticite ciani? Coyamba, nkhunzi isapitirire zaka zitatu m'khola limodzi. Ng'ombe ikhala ndi bere miyezi isanu ndi inai, ndipo msoti ungathe kukweredwa ukafika zaka ziwiri kapena zitatu. Pofika nthawiyo tate wake akhale atacoka. Caciwiri, tifule mathole amphongo osafunika akali aang'ono. A vetenale ali ndi cida ca Burdizzo cofulira popanda kuceka. Koma thole labwino koposa lisafulidwe. Limenelo ndilo losinthanitsa. Cacitatu, tigule kabuku ka sukulu, tilembe mai, tate ndi mwezi wobadwa wa thole lililonse. Ife a m'tauni amene tisiya ng'ombe m'manja mwa abusa ndife tifunika kabukuka koposa.

Posinthana nkhunzi tiyang'ane kutali, cifukwa ng'ombe za mudzi umodzi zidyera dambo limodzi ndipo zambiri ndi zapacibale kale. Komabe tisayendetse ciweto popanda cilolezo ca a vetenale, tingagule magazi atsopano pamodzi ndi matenda a m'mapapo kapena a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Amene afuna mbeu ya jakisoni afunse alangizi za malo a boma a nchitoyi ku Mazabuka.

Tisathamangirenso mitundu yakunja yokha. Brahman ndi Boran zipatsa nyama, koma ng'ombe ya Citonga, ya Barotse ndi ya Angoni zipirira dzuwa ndi udzu wouma wa October. Ku Zimbabwe, mtundu wa Tuli unapangidwa m'ma 1940 posankha bwino ng'ombe za kumudzi komweko, ndipo lero uwetedwa mpaka ku Australia. Cuma cotere tili naco m'makola mwathu.

Mutu umodzi susenza denga. Ngati inu mwafula zanu koma mnzanu wasiya kankhunzi kake kakuyenda m'dambo, nchito yagwa m'madzi. Nkhaniyi ikambidwe kwa anyakwawa, m'makopaletivu ndi m'magulu a m'parishi, dzinja lisanafike pamene ng'ombe zinenepa ndi kuyamba kukwerana. Funso loyamba likhale ili: nkhunzi ya m'khola mwathu yakhalamo zaka zingati?