Galu akamva ululu, Bufeni si yankho

Pamsewu waukulu wochoka ku Blantyre kupita ku Muloza, cha ku Mulanje Mission, njinga zamoto za kabaza zimadutsana kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Agalu a m'midzi yozungulira amawoloka msewu womwewo, ndipo ena amabwerera kwawo akutsimphina. Ena amakodwa m'misampha ya waya m'mphepete mwa phiri, ena amang'ambidwa ndi anyani polondera chimanga, pomwe ena amathiridwa madzi otentha akapezeka kukhitchini.

Mwini galu akaona zimenezi amamva chisoni. Amakumbukira kuti m'nyumba munatsala mapilitsi, kapena amathamangira pa okala kukagula Panado ndi Bufeni n'kubisa mu nsima. Apa m'pamene chifundo chimasanduka ngozi.

Thupi la galu siligaya mankhwala ngati la munthu. Bufeni, diclofenac ndi Indocid amaboola zilonda m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso zake. Galuyo amasanza, nthawi zina magazi, chimbudzi chake chimada bii, kenako amasiya kudya. Ambirife timadziwa kuti anthu amaphera makoswe Indocid; nanga tingam'patse bwanji mlonda wa pakhomo? Panado naye ngwofunika kusamala. Pilitsi limodzi la akuluakulu limakhala la mamiligalamu 500, muyezo wa munthu wolemera kangapo kuposa galu wa kumudzi. Akachuluka amaononga chiwindi ndi magazi, ndipo mphaka amafa ngakhale ndi kachidutswa chabe. Mankhwala amene wodwala walandira ku chipatala cha Mulanje Mission, cha mpingo wa CCAP mu sinodi ya Blantyre, anayezedwa kuti amwe iyeyo basi.

Galu sadandaula ndi mawu, choncho ululu wake umaoneka m'machitidwe. Amabisala kunsi kwa nkhokwe, amapuma mwawefuwefu ngakhale kuli kozizira, amanyambita malo amodzi mosalekeza, amavutika podzuka, kapena amang'ung'udza mukam'khudza. Mawu akuti "galu amadzipoletsa yekha ndi lilime" anyenga ambiri, chifukwa kunyambita kwambiri kumakulitsa bala.

Pali zambiri zimene mwini galu angachite popanda pilitsi lililonse. Choyamba, mangani kukamwa kwake mofatsa ndi kansalu, pakuti galu wa ululu amaluma ngakhale mbuye wake. Koma musamange amene akusanza kapena kubanika. Tsukani bala ndi madzi owiritsa ozizira, mutasungunulamo supuni yaing'ono imodzi ya mchere pa theka la lita. Ngati magazi akutuluka, dinikizani ndi nsalu yoyera. Powotchedwa thirani madzi ozizira kwa mphindi 10 kapena kuposa. Wothyoka mwendo musam'koke kuti muwongole fupa; m'gonekeni pa thumba kapena thabwa n'kumunyamula. M'patseni malo ouma, madzi akumwa ndi mpumulo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri, agalu okalamba amavutika ndi mfundo za miyendo, ndipo chiguduli chogonapo pamalo osalowa mphepo chimawathandiza kwambiri.

Oyilo wakuda wa galimoto, fodya, tsabola ndi mankhwala opopera mbewu zisayandikire bala. Zimatentha mnofu, ndipo galu akanyambita amameza poizoni. Nawonso mchitidwe wothena galu ndi lumo, kapena kum'dula makutu ndi mchira kuti akhale wolusa, ndi ululu umene timaupanga tokha popanda chifukwa.

Mankhwala enieni ochepetsa ululu wa galu alipo, monga meloxicam ndi carprofen, koma wopereka ndi dokotala wa ziweto. Iye amayamba waona kulemera kwa galuyo, msinkhu wake ndiponso ngati akudya ndi kumwa bwino, chifukwa ngakhale mankhwala amenewa amavulaza impso za galu amene madzi atha m'thupi. Poyambira ndi kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaulimi pa boma la Mulanje. Kwa amene angakwanitse ulendo, ku Blantyre kuli bungwe la BSPCA lomwe limasamalira agalu ndi amphaka. Galu akameza kale mapilitsi a anthu, tengani paketi yake mukaonetse, ndipo musadikire kuti ayambe kudwala.

Pali chenjezo limodzi lalikulu. Galu wotuluka dovu, wolephera kumeza ngati watsamwa ndi fupa, kapena wosintha khalidwe mwadzidzidzi akhoza kukhala ndi chiwewe. Musalowetse dzanja m'kamwa mwake. M'tsekereni, ana atalikire, ndipo dziwitsani alangizi. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikaonekera sichichizika. Kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera ku Blantyre, ndipo dziko lonse lapansi limakumbukira matendawa pa 28 Seputembala chaka chilichonse.

Galu amene amatilondera usiku wonse ngwoyenera kuthandizidwa mwanzeru akavulala. Sungani mapilitsi anu pamalo amene iye sangafike, m'bayitseni katemera, ndipo musanam'patse mankhwala alionse, funsani kaye a zaumoyo wa ziweto.