Ka Aqua kamamwa pang'ono, koma yambani mwaona pansi pa mpando

Aliyense wokwera minibasi amadziwa zimene zimachitika mwezi ukamatha. Bungwe la ERB likangolengeza mtengo watsopano wa mafuta, nkhani m'basi imakhala yomweyo kuyambira pokwerera mpaka potsikira. Kondakitala akuti tiwonjezerapo, okwera akumufunsa kuti nanga pamene mafuta anatsika anachotsapo zingati. Izi zinayamba boma litachotsa sabuside mu Disembala 2021, lita ya petulo n'kuchoka pa K17.62 kufika pa K21.16. Kuyambira 2022 mtengo umaunikidwa mwezi ndi mwezi, ndipo mu 2024 unadumpha K30.

M'zaka zomwezi tumamotoka tung'onotung'ono twa hybrid twachuluka pamseu. Mu Chipata mukaima pang'ono pa Great East Road, kapena pa mseu wopita ku boda ya Mwami, simudikira nthawi yaitali musanaone Toyota Aqua kapena Honda Fit. Kamadutsa mwakachetechete moti wa njinga amadzidzimuka katamufika kale kumbuyo. Mphunzitsi, nesi, kalaliki wa ku boma, mayi wogulitsa salaula pa Kapata, ambiri amene atopa ndi kupanikizana anayi pa mpando wa atatu, maso awo ali pa kamotoka aka. Chowakopa ndi chimodzi chabe: akuti sikamwa mafuta.

N'zoona, kamamwa pang'ono. Koma nkhani yake sithera pamenepo.

Choyamba tichotse mantha amene anafala m'chaka cha 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti ankazima pafupifupi tsiku lonse. Anthu ambiri akamva kuti motoka ili ndi batire lalikulu amaganiza kuti imafuna kuilumikiza ku magetsi a ZESCO usiku. Aqua ilibe pobayira chingwe. Mumathira petulo basi, monga motoka ina iliyonse. Mkati mwake muli injini ya petulo ya malita 1.5 ndi mota ya magetsi, ndipo ziwirizi zimalandirana nchito. Mukaima pa maloboti kapena pa mzere, injini imazima yokha. Mukamanyamuka pang'onopang'ono, mota ndiyo imakankha. Mukaponda buleki, mphamvu imene motoka zina zimataya ngati kutentha kwa mawilo imabwezedwa mu batire. Ndiye chifukwa chake mabuleki a Aqua amakhalitsa, ndiponso chifukwa chake kamasunga mafuta kwambiri m'tauni, poima-ima, kuposa pa ulendo wautali. Wothamanga nako kupita ku Lusaka, makilomita oposa 550, katadzaza anthu ndi katundu, aona kuti kusiyana kwake ndi Vitz kapena Corolla kwachepa.

Toyota inayamba kugulitsa Aqua ku Japan mu Disembala 2011, ndipo kwa zaka zingapo zotsatizana inali pamwamba pa motoka zogulidwa kwambiri m'dzikolo. Ku America inkatchedwa Prius c. Kuchuluka kwake ku Japan n'kumene kwachititsa kuti lero ikhale yotsika mtengo pa masamba a makampani otumiza motoka zakale monga Be Forward ndi SBT. Pa mapepala a fakitale analemba kuti lita imodzi imayenda makilomita 35.4. Nambala imeneyo inapezeka poyesa motoka m'nyumba yoyesera, popanda mahampu, popanda fumbi, popanda thumba la chimanga kumbuyo. Pa mseu weniweni musayembekezere zimenezo.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Titenge kuti Aqua yanu ikuyenda makilomita 22 pa lita, motoka wamba ikuyenda 12, ndipo petulo ili pa K30. Munthu woyenda makilomita 1,000 pa mwezi adzathira malita 45 mu Aqua, pamene mnzake adzathira 83. Kusiyana kwake ndi malita 38, kutanthauza K1,140 pa mwezi. Ndalama yooneka. Wa takisi amene amachita maulendo angapo pa tsiku pakati pa tauni ndi boda ya Mwami, mtunda wa makilomita ngati 20, amapitirira 1,000 imeneyo mwezi usanafike pakati, ndiye kwa iye phindu limakula. Manje titenge munthu wokhala ku Kalongwezi kapena ku Moth amene nchito yake ili m'tauni momwemo, woyenda makilomita 300 pa mwezi. Iye akupulumutsa malita 11 chabe, ndalama yosafika K350. Ndipo amene lero akukwera minibasi asadziyerekeze ndi mwini Corolla. Adziyerekeze ndi ndalama imene amapatsa kondakitala pa mwezi, kenako aikepo inshuwalansi, road tax, fitness ya ku RTSA, matayala ndi sevisi. Kamotoka kangakupatseni ufulu wonyamuka nthawi imene mwafuna ndi kufika kunchito malaya ali osakwinyika. Kuti kakhala kotchipa kuposa basi, zimenezo ayi.

Tsopano ku nkhani ya pansi pa mpando. Mukakweza mpando wakumbuyo wa Aqua mupeza bokosi lachitsulo. M'menemo ndi mmene muli batire lalikulu, la mavoti 144, lopangidwa ndi timagawo 20 tolumikizana. Mtima wa motoka ndi umenewo. Ku Japan, Toyota imalonjeza kukonza mbali za hybrid kwa zaka zisanu kapena makilomita 100,000. Ma Aqua ambiri amene thumba la munthu wamba lingakwanitse ndi a 2012 mpaka 2015, kutanthauza kuti lonjezo lija linatha kalekale, ndipo batire lagwira nchito zaka zoposa khumi lisanaone n'komwe dzuwa la mu Okutobala kuno kum'mawa.

Mdani wa batire limeneli ndi kutentha. Limaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mphepo ya mkati mwa motoka kudzera pa kazenera kokhala m'munsi mwa mpando wakumbuyo, pafupi ndi pamene wokwera amaika mapazi. Ku Nagoya kafani kameneka kamakoka mphepo yoyera. Kuno kamakoka fumbi la mu Mchini ndi Navutika, mankhusu a nshawa, tsitsi, ulusi wa masaka. Fumbi likamatirira pa kafani, mphepo imachepa, batire limatentha, timagawo tina timayamba kufooka msanga kuposa tinzake. Ndipo pali chizolowezi chathu chija chopanikiza katundu paliponse pamene pali mpata. Chikwama kapena chitenje chikatseka kazenera kaja ulendo wonse wa ku Lundazi, mwalipha nokha batire popanda kudziwa. Kutsuka kafani ndi kasefa kake ndi nchito yaing'ono, yotchipa, koma ambiri amaimva koyamba tsiku limene nyale yochenjeza yayaka pa dashibodi.

Batire lofooka limadzionetsa lisanafe. Timizere tosonyeza mphamvu yake timadzaza msanga n'kutsikanso msanga. Injini imakana kuzima pa maloboti. Kafani kamalira mokweza kumbuyo. Mafuta amayamba kutha ngati a motoka wamba, ndiye phindu lonse limene munagulira kamotoka lapita. Makanika akalumikiza kompyuta n'kupeza nambala ya P0A80, uthenga wake ndi woti batire lisinthidwe. Apa mwini motoka amakhala ndi njira zitatu. Latsopano ndi lodula kwambiri ndipo kawirikawiri limachita kuitanitsidwa. Lochotsedwa mu motoka ina yakale ndi lotchipirapo, koma zaka zake simuzidziwa. Njira yachitatu, imene ambiri amathamangira, ndi kusintha timagawo takufa tokha. Imagwira, koma kagawo kamphamvu kakakhala pakati pa tinzake totopa, pakapita miyezi kena kamagwanso, ndiye mwabwereranso ku galaji. Ine ndikuona kuti wogula Aqua yakale aziona batire monga mmene amaonera matayala: chinthu chimene chidzatha ndithu, chofunika kuchisungira ndalama pambali kuyambira mwezi woyamba. K1,140 ija ya wa takisi isathere yonse ku ndiwo.

Chabwino n'chakuti batire limayezeka musanalipire. Kachipangizo ka OBD2 kamene amabaya pansi pa chiwongolero, pamodzi ndi pulogalamu ya pa foni monga Dr. Prius, kamasonyeza mphamvu ya timagawo tija awiriawiri, m'magulu khumi. Magulu onse ayenera kuyendera limodzi. Limodzi likamatsalira kumbuyo pamene motoka ikukwera chitunda, batire limenelo lili paulendo. Wogulitsa wina wochenjera amafufuta nambala zochenjeza m'mawa wa tsiku limene mukubwera, choncho kuzungulira kawiri pa yadi sikokwanira. Yendani nayo mphindi makumi awiri kapena atatu, mukwere nayo phiri, muime, munyamukenso. Wogulitsa akakana kuti makanika wanu ayeze, tsanzikani.

Nkhani ya makanika nayo ndi yaikulu. Amisiri athu a pansi pa mtengo wa mango ndi akatswiri pa Corolla ndi Hiace, palibe wotsutsa. Koma Aqua ilibe alternator, ilibe sitata ya masiku onse, ilibe ngakhale lamba wa fani, chifukwa pampu ya madzi ndi makina oziziritsa mkati zimayendera magetsi. Mawaya a mtundu wa olenji amanyamula magetsi okhoza kupha munthu. Wothira gasi wa AC akaikamo oilo wamba m'malo mwa wapadera wa ma hybrid, akhoza kuwononga makinawo. Injini imafuna oilo wopyapyala wa 0W-20, osati wokhuthala uja timathira mu minibasi. Musanagule, dziwani kuti mu Chipata ndani ali ndi kompyuta yake ndipo anatsegulapo batire lotere, chifukwa kukweza motoka yakufa pa thiraki mpaka ku Lusaka ndi ndalama ina. Ndati pa thiraki dala. Aqua sikokedwa ndi chingwe mtunda wautali mawilo akutsogolo akugubuduka pansi, ndipo siilizidwa mochita kukankha. Ikakana kuyatsa nyale ya READY m'mawa, nthawi zambiri vuto ndi kabatire kang'ono ka mavoti 12, kamene nakonso kali pansi pa mpando womwewo. Musathamangire kugula lalikulu musanayeze kang'onoko.

Chinthu china chimene sikakonda ndi kuthera mafuta panjira. Thanki yake ndi ya malita 36, ndipo poti kamamwa pang'ono, eni ake ena amazolowera kuyenda nyale ya mafuta ili chiyakire. Petulo ikatha, kamayesa kuyenda ndi batire lokha, ndipo batire likatsika kupitirira malire, injini siingalirenso ngakhale mutabwera ndi chigubu. Anzathu a ku Mchinji ndi Lilongwe, amene m'zaka zapitazi akhala akugona pa mizere ya mafuta mpaka ena kumaoloka kudzathira kuno, nkhani imeneyi amaidziwa bwino.

Kamotoka aka ndi kafupi. Kuchokera pansi kufika pa mimba yake ndi masentimita 14 okha. Pa tala wa m'tauni ndi wa ku Mwami palibe vuto. Koma amene kwawo ndi kumidzi ya ku Vubwi kapena Chadiza, ndipo amapita kukaona makolo mwezi uliwonse ngakhale m'dzinja, aganize kawiri. Mukakweza anthu asanu ndi thumba la feteleza, hampu iliyonse imakanda pansi. Madzi osefukira nawo ndi oopsa kwambiri kwa motoka imene batire lake lili pansi pa mpando. Mtundu wa X-Urban wa 2014 ndi wa Crossover wa 2017 anaukwezako pang'ono, koma sikuti wasanduka Hilux.

Honda Fit hybrid ili ndi malo ambiri mkati, mipando yake imapindika bwino ponyamula katundu. Chofunika kudziwa n'chakuti mtundu umene unatuluka mu 2013, wotchedwa GP5, uli ndi giyabokosi ya makilachi awiri imene Honda inaitanitsa kangapo ku Japan kuti ikakonzedwe m'chaka chake choyamba. Giyabokosi imeneyi siikonda kukwawa pa mzere wautali kapena pa chitunda, imatentha. Yesani kunyamuka nayo pang'onopang'ono kangapo, mumve ngati ikunjenjemera.

Za kagulidwe, mtengo umene mumaona pa foni si umene mudzalipira. Funsani ngati ukuphatikiza sitima mpaka ku Dar es Salaam, kumene motoka zambiri za kuno zimatsikira zisanalowe pa Nakonde. Pamwamba pake pali wa kudoko, woiyendetsa kapena thiraki yoinyamula, ejenti wa pa boda, msonkho wa ZRA, kalata ya apolisi ya Interpol, ndi kulembetsa ku RTSA kuti mulandire white book. Motoka iyeneranso kuyezedwa isanakwere sitima, monga lifunira bungwe la ZCSA, apo ayi mudzalipira chindapusa pofika. Mu bajeti ya 2024 boma linachotsa msonkho wa kasitomu pa motoka zoyendera magetsi okhaokha, ndipo ena anamva ngati ma hybrid nawo alowa ulele. Sizili choncho. Pa hybrid anangotsitsa excise kuchoka pa 30 kufika pa 25 peresenti. Malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti iliyonse, choncho ejenti akulembereni chiwerengero chonse musanatumize dola ngakhale imodzi.

Ife a m'malire tili ndi yesero lina. Kuchokera pamene boda ya Mwami ndi Mchinji inakhala ya nyumba imodzi mu Disembala 2022, kuoloka kwafewa, ndipo simulephera kumva za Aqua yotchipa ya nambala ya ku Malawi imene mwini wake akufuna ndalama mwamsanga. Motoka yolowa ndi chilolezo cha mlendo ili ndi masiku ake otulukira, ndipo siigulitsidwa kuno msonkho wa Zambia usanalipidwe. Mukaigula motero, tsiku limene a ZRA adzaiimitsa pa roadblock imagwidwa ndi motoka, osati uja anakugulitsani. Onani nambala ya chassis pa motoka yeniyeniyo, muifananize ndi ya pa mapepala, ndipo mukafunse ku ofesi ya kasitomu pa Mwami pomwepo musanapereke ngakhale ya chikole.