Kampani ya Mafoni Ikasintha Pangano Panjira

Akuluakulu adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, kutanthauza kuti munthu akapangana kanthu ndi mnzake sayenera kubwerera m'mbuyo ngakhale zinthu zitavuta. Kaŵirikaŵiri mau ameneŵa amanenedwa pokakamiza wamng'ono kuti asunge zimene adalonjeza. Koma nanga wamkulu akasintha mbali yake, wamng'onoyo akhalebe womangika? Funso limeneli lakhala likusautsa anthu a ku Britain kwa zaka zoposa 10 pa nkhani ya mafoni a m'manja, ndipo m'mayankho ake muli phunziro kwa ife tonse, makamaka anyamata ndi asungwana amene angotsiriza sukulu, poti posachedwa ayamba kusaina mapepala paokha.

Kuno kwathu ambirife timagula mayunitsi, ndipo akatha tilibe mangaŵa ndi kampani. Ku Britain anthu ochuluka amatsata njira ina. Munthu amasaina pangano la miyezi 12 kapena 24, nalonjeza kulipira ndalama yoikika mwezi ndi mwezi, ndipo kampani imampatsa mphindi zoyankhulira, mauthenga ndi intaneti, nthaŵi zina ndi foni yatsopano yomwe. Wofuna kutuluka nthaŵi isanakwane amalipitsidwa pafupifupi ndalama zonse za miyezi yotsala. Ngati amapereka £20 pamwezi ndipo kwatsala miyezi 14, chindapusa chake chimayandikira £280. Abale athu opita kumeneko kukaphunzira kapena kukagwira ntchito m'zipatala amakumana ndi mapangano otereŵa akangofika, ndipo pokondwera ndi foni yonyezimira nkosavuta kuiŵala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Dandaulo la anthu lidali lakuti chingwe chimenechi chimamanga mbali imodzi yokha. Wogula sangachepetse ndalama imene adalonjeza, koma kampani inkatha kukweza mtengo pangano lili pakati. Bungwe loyang'anira makampani a mafoni m'dzikomo, lotchedwa Ofcom, lidaloŵererapo. Lidalamula kuti pa mapangano osainidwa kuyambira pa 23 Januwale 2014, kampani ikakweza ndalama ya pamwezi imene idagwirizana ndi wogula, iyenera kumdziŵitsa kutatsala masiku 30 ndi kumlola kutuluka popanda chindapusa. Nzeru yake njosavuta kumva: amene wasintha pangano ndiye walimasula, tsono sangaumirize mnzake kusunga chinthu chimene iye mwini wachisiya.

Komatu amalonda sagona tulo. Lamulolo linkateteza wogula pamene mtengo wakwera mosemphana ndi pangano. Makampani adaona kuti kukwerako akakulemberatu m'pangano momwemo, palibe anganene kuti asintha kanthu. Choncho adayamba kuikamo mau akuti chaka ndi chaka mtengo udzakwera molingana ndi m'mene mitengo ya zinthu yakwerera m'dziko, ndipo pambuyo pake ambiri adawonjezerapo 3.9 peresenti pamwamba. Mitengo ya zinthu ili bata, mau ameneŵa sankaopsa munthu. Koma mu 2023, zinthu zitakwera kwambiri, makampani a EE ndi Vodafone adakweza ndi 14.4 peresenti, pamene O2 idakweza ndi 17.3 peresenti pa ndalama yolipirira mphindi ndi intaneti. Wolipira £20 pamwezi ku EE adayamba kulipira £22.88. Ofuna kuchoka adauzidwa kuti khomo nlotseka, pakuti adasaina okha. Chodabwitsa nchakuti pa tsiku losainalo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe, ngakhale wogulitsayo, amene akadanena kuti mtengo udzakhala wotani chaka chamaŵa.

Bungwe la Ofcom lidaona kuti kumeneku nkusenzetsa wogula katundu amene sangamuyeze kulemera kwake. Motero lidalamula kuti m'mapangano atsopano, kuyambira pa 17 Januwale 2025, kukwera kulikonse kwa mtengo kulembedwe m'mapaundi ndi mapeni, pamalo oonekera, munthu asanasaine. Wogula adziŵiretu kuti mwezi wakutiwakuti adzawonjezera ndalama zakuti, osati kulinda chiŵerengero chimene sichinatuluke.

Lamuloli lisanathe ndi chaka chomwe, lidayesedwa. Mu Okutobala 2025 kampani ya O2 idadziŵitsa ogula ake kuti kuyambira mu Epulo 2026 idzawonjezera £2.50 pamwezi m'malo mwa £1.80 imene idawauza poyamba. Kusiyana kwake ndi mapeni 70 pamwezi, kapena £8.40 pachaka. Kwa munthu mmodzi ndalamayi ioneka yochepa, koma kampani yokhala ndi ogula mamiliyoni imakolola zambiri pa mapeni oterewo. Bungwe la Ofcom lidanena poyera kuti lakhumudwa, ndipo nduna yoona za luso lamakono, Mai Liz Kendall, adalembera bungwelo kalata kuti liunikenso nkhaniyi. Komabe kampaniyo idatsata mbali ya lamulo yonena za kutuluka: idapatsa ogula masiku 30 oti achoke osalipira chindapusa.

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Lamulo sililetsa kampani kusintha pangano. Limangotsegulira wogula khomo, ndipo khomolo limakhala lotsegula kanthaŵi kochepa. Kuyambira mu 2022 malamulo a Ofcom amati kusintha kulikonse kumapatsa wogula ufulu wotuluka, kupatula ngati kusinthako nkomkomera iye yekha, kapena nkongokonza za m'kaundula kosamkhudza, kapena kwalamulidwa ndi boma. Koma ufuluwu suchita kubwera wokha. Chidziŵitso chimafika ngati uthenga wa pafoni kapena imelo, pakati pa mauthenga ambirimbiri otsatsa malonda. Amene sadauŵerenge, kapena adati ndidzaona maŵa, masiku 30 akatha amatengedwa kuti wavomera mtengo watsopano, ndipo akafuna kuchoka pambuyo pake chindapusa chija chimamdikira.

Tsono wofuna kutuluka achite chiyani? Poyamba asunge chidziŵitsocho ndi kulemba tsiku limene chidafika. Kenaka auze kampani, makamaka mwa kulemba, kuti akuchoka chifukwa cha kusinthako, ndipo apemphe kuti imtsimikizire kuti palibe chindapusa. Kuyambira pa 1 Julayi 2019 kusamuka nkosavuta m'dzikomo. Munthu akatumiza mau akuti INFO ku nambala 85075 amauzidwa ndalama imene angalipire akachoka. Akatumiza mau akuti PAC ku 65075 amalandira nambala yapadera yogwira ntchito masiku 30. Akaipereka ku kampani yatsopano, amasamuka ndi nambala yake yakale m'tsiku limodzi logwira ntchito. Wosafuna kusunga nambala yakale amatumiza STAC ku 75075. Ndiponso kuyambira mu Disembala 2021 makampani saloledwa kugulitsa mafoni otsekedwa kuti azigwira ndi khadi yawo yokha.

Pali maenje aŵiri amene ambiri amagweramo. Loyamba nlakuti ufulu wotuluka sufafaniza ngongole ya foni. Makampani ena, monga O2 yomweyo, amagaŵa pangano paŵiri: gawo lina nla mphindi ndi intaneti, lina nla ngongole ya foniyo. Wochoka amamasuka ku gawo loyamba, koma ndalama yotsala pa foni ayenera kuitsiriza. Dzenje lachiŵiri ndi mkwiyo. Ena akapsa mtima amangouza banki kuti ileke kulipira kampaniyo, naganiza kuti nkhani yatha. Kuteroko sikuthetsa pangano ayi. Kampani imalemba kuti munthuyo ali ndi ngongole, dzina lake limadetsedwa m'mabuku a obwereketsa ndalama, ndipo tsiku lina pofuna ngongole ya nyumba adzadabwa akumkaniza chifukwa cha mapaundi oŵerengeka. Ngati kampani ikana kummasula, njira yoyenera ndiyo kudandaula molemba, ndipo zikakanika, kukatula nkhaniyo kwa amkhalapakati ovomerezedwa ndi Ofcom, amene amaweruza kwaulere.

Aŵerengi, taonani m'mene nkhaniyi yayendera. Mu 2014 lamulo lidatseka mpata wina, amalonda napeza unzake. Mu 2025 lidatsekanso umenewo, ndipo chaka chisanathe padaoneka wina. Boma lingathe kuika malamulo abwino, koma silingaŵerengere munthu kalata imene yafika m'foni mwake. Nchifukwa chake mafunso atatu ayenera kufunsidwa cholembera chisanakhudze pepala. Kodi mtengowu ungasinthe pangano lili pakati, ndipo ndi ndalama zingati? Nanga ukasintha mopitirira zimene zalembedwa, ndili ndi masiku angati oti ndichoke? Ndikachoka, nditsala ndi ngongole yanji? Wogulitsa amene akuzemba mafunso ameneŵa wayankha kale.

Kwa aphunzitsi anzanga, m'makalasi mwathu timaphunzitsa ana kuŵerengera maperesenti ndi kumvetsa ndime zovuta, koma kaŵirikaŵiri sitiwaonetsa kumene luso limeneli lidzawapulumutse. Nkoyenera kuti tsiku lina tibwere ndi pangano lenileni m'kalasi, kaya la foni, la nyumba ya lendi kapena la ngongole, ana aliŵerenge ndime ndi ndime, napeze okha pamene palembedwa kuti mwini katundu angasinthe mtengo. Mwana amene wazoloŵera kufunafuna ndime imeneyo sadzadya phula ngati Safunsa, kaya adzasainire ku Lilongwe kaya ku London.