Ba sisi afuna kukhala landilodi ku Kafue

Aliyense amene amakwela minibasi m'mawa amadziwa zimene zimacitika mwezi ukafika pa 30. Foni ikalila, munthu amayamba waona dzina, ndipo ngati ni ba landilodi amaibweza m'thumba n'kuyang'ana pa windo monga sanamve. Ine ndakhala wolenta kucokela pamene ndinatsiliza koleji. Ba sisi anga, amene anandilipilila sukulu, alenta zaka zoposa khumi, ndipo asamuka kanayi. Tsiku lina tili pa mzele wa basi madzulo anangoti, "Iwe, nalema. Naine nifuna nizitumilako anthu foni pa month end."

Ndalama anali nayo pang'ono. Mu 2023 lamulo la NAPSA linasintha, ndipo wanchito amene wasonkha miyezi 60 kapena wafika zaka 45 analoledwa kutengako 20 pelesenti ya zimene anasonkha asanapume pa nchito. Ba sisi anatenga yawo, anaphatikiza ndi ya cilimba ca kunchito. Ndalamayo ndi imene anayenela kudzadya akakalamba, conco sinali yoseweletsa. Ku Chalala ndi ku Silverest mitengo ya mapuloti inatithamangitsa tisanatsike n'komwe m'basi. Ndiye tinayang'ana ku Kafue, makilomita pafupifupi 45 kum'mwela kwa Lusaka, kupitilila Chilanga ndi geti ya Shimabala.

Kafue si mudzi. Ndi tauni imene inakula ndi mafakitale, makamaka Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza ndi fakitale ya nsalu ija imene inatseka kale. Nyumba za ku Kafue Estates anamangila anchito a mafakitale amenewo. Masiku ano kuli fakitale ya zitsulo, masukulu, cipatala, ndi mseu waukulu wopita ku Livingstone ndi ku Chirundu. Izi n'zofunika kwa munthu wofuna kumanga nyumba za lenti, cifukwa nyumba siilipila yokha. Pafunika mphunzitsi, nasi, wapolisi kapena wanchito wa pa fakitale amene amalandila pa mwezi. Palinso ena amene amagona ku Kafue koma nchito ili ku Lusaka, aja amene mumakhala nawo m'basi akuwodzela m'mamawa.

Puloti yoyamba anatipezela ndi mnyamata wina wovala bwino, amene anati ndi ejenti. Malo anali abwino, pafupi ndi mseu, mtengo wotsika modabwitsa. M'makona munali miyala yopaka laimu. Iye anati tilipile hafu tsiku lomwelo cifukwa kuli munthu wina wocokela ku Kitwe amene akubwela ndi kashi mawa. Ndaona kuti pa puloti iliyonse pamakhala munthu wa ku Kitwe amene akubwela mawa. Ba sisi anali atatsegula kale cikwama. Ndinawagwila dzanja, ndinapempha nambala ya puloti ndi pepala. Cimene anatulutsa ndi kalata yolemba pa manja, yosainidwa ndi "chairman" wa delalo. Pa Mande tinapita ku kanselo kukafunsa, ndipo anatiuza kuti pa mapu malowo ndi a mseu. Mnyamata uja foni yake siinalilenso.

Ndinakumbutsa ba sisi za ku Chingola, kumene mu Ogasiti 2022 nyumba zambili zimene anthu anamanga pa bwalo la ndeke la Kasompe zinagwetsedwa. Ambili mwa anthu aja ndalama analipila kwa winawake, ndipo ena anali ndi tumapepala. Buldoza siiwelenga kalata ya chairman.

Apa ndipamene pafunika kukhala pansi, cifukwa mapepala a malo muno m'Zambia sali mtundu umodzi. Malinga ndi lamulo la malo la 1995, nthaka yonse ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo title deed imene anthu amanyadila ndi pangano la zaka 99 locokela ku Unduna wa za Malo. M'makomboni ena ovomelezeka kanselo imapeleka occupancy licence ya zaka 30. Ndiye pali malo a mafumu, amene ndi ambili mukangotuluka m'tauni. Awa amachipa, koma kalata ya nyakwawa si title. Kuti isanduke title pafunika cilolezo ca mfumu, kenako kanselo, kenako ku Lands, ndipo ulendowu umadya nthawi ndi nsapato. Banki kapena Zambia National Building Society mukapita kukapempha nkhongole yomangila, adzakufunsani title. Ngati wogulitsa akuti ali nayo, citani search ku Lands kuti muone ngati dzina lili pa pepala ndi lake, ndiponso ngati malowo sanaikidwe cikole pa nkhongole. Itanani saveya akuonetseni mabikoni enieni. Pali msonkho wa ZRA wosinthila dzina, umene unali 5 pelesenti ndipo kuyambila 2025 ndi 8 pelesenti. Lamulo limati wogulitsa ndiye alipile, koma kambilanani poyamba ndipo mulembe, cifukwa ambili amafuna kuukankhila kwa wogula.

Puloti yaciwili tinaipeza m'Okutobala, koma amalume anatiletsa kulipila mpaka mvula itagwa. Anati malo amaonedwa m'Febuluwale. Tinabwelelako mvula ili pakati, ndipo tinapeza acule akuimba pamene ba sisi anafuna kuika kicheni. Mbali zina za Kafue n'zotsika, madzi amakhalitsa, ndipo nyumba ya pa dambo imadya simenti yambili pa faundeshoni, cimbudzi cimadzala msanga, zipupa zimatuluka nkhungu. Yacitatu ndiyo tinagula. Ndi yaing'ono, ili patali pang'ono ndi mseu, koma ili pamtunda, pepala lake ndi loyela, ndipo mapolo a ZESCO ndi paipi ya madzi zili pafupi. Musaganize kuti popeza madzi ambili amene timamwa mu Lusaka amacokela mu mtsinje wa Kafue kudzela pa Iolanda, ndiye kuti puloti iliyonse ya ku Kafue ili ndi pompi. Funsani aneba kuti madzi amatunga kuti.

Manje masamu, amene anthu ambili safuna kumva. Tiyelekeze cabe. Tinene kuti puloti mwagula K60,000, ndipo mwamanga tumafulati tuwili twa zipinda ziwili-ziwili pa K180,000. Zonse ndi K240,000. Ngati fulati iliyonse ilipila K1,200, pa mwezi mulandila K2,400. Pa caka musawelenge miyezi 12. Cotsani iwili ya nthawi imene nyumba ilibe munthu kapena munthu alimo koma ali ndi malilo kumudzi. Zatsala K24,000. Ndalama yanu idzabwela pambuyo pa zaka 10, ndipo apo simunapente, simunapope septic tank, simunasinthe loko. Ikani manambala anu, koma yankho silidzapita kutali. Puloti ya ku Kafue ndi yochipa, zoona, koma lenti yake nayonso ndi yochipa, pamene thumba la simenti ndi lata mtengo wake susiyana kwenikweni ndi wa mu Lusaka. N'cifukwa cake ine ndinakana zakuti ba sisi atenge kaloba kapena nkhongole ya cimbelembele kuti atsilize msanga. Ciwongoladzanja cimathamanga kuposa lenti.

Anamanga pang'onopang'ono. Pulani inapita ku kanselo coyamba. Silabu anathila ya mafulati onse awili, koma anakweza imodzi cabe n'kufolela, kuti lenti ya yoyamba ithandize kugula mabuloko a yaciwili. Vuto lalikulu linali mtunda. Mwini ali ku Lusaka, womanga ali ku Kafue, ndipo matumba a simenti amamela miyendo. Pambuyo potaya angapo, ba sisi anaphunzila kugula okha, kuwelenga matumba opanda kanthu pa Ciwelu ciliconse, ndi kulipila womanga nchito ikafika pamene anagwilizana, osati pa tsiku. Ndalama ya basi ya maulendo onsewo palibe amene anaiika mu bajeti. Inali yambili.

Cimodzi cimene ndinawakakamiza, monga munthu amene wavutika nazo, ndi mita ya malaiti ya fulati iliyonse payokha. Ndakhalapo pa yadi ya mabanja asanu ndi mita imodzi, kumene mayunitsi akatha onse amaloza mayi wa stovu ya mapuleti anayi. Cina ndi pangano lolemba: lenti zingati, tsiku lolipila, notisi, ndani akonza pompi ikaphulika. Landilodi watsopano adziwenso kuti ZRA imafuna msonkho pa ndalama ya lenti, conco TPIN ikhale pafupi. Ndipo wolenta akalephela kulipila, lamulo la Rent Act sililola kungozula citseko kapena kuponya mipando panja. Njila ndi ya kukhoti.

Fulati yoyamba inalowa munthu caka cino, mnyamata wa banja latsopano amene amagwila nchito pa fakitale. Miyezi iwili analipila pa tsiku lake, ndipo ba sisi ananditumila cithunzi ca meseji ya mobile money ngati satifiketi. Mwezi wacitatu pa 5 panapita, pa 8 panapita. Tinali limodzi m'basi yocokela ku Kulima Tower pamene anamuimbila kacitatu, foni ikungolila. "Ona uyu mwana, sayankha," anatelo mokwiya, anthu n'kuceuka. Asanaibweze m'cikwama foni inalila. Anayang'ana dzina, anandiyang'ana ine, ndipo anaitembenuza pa miyendo. Anali ba landilodi awo a ku Chawama, cifukwa ba sisi akali kulenta mpaka fulati yaciwili ikafoleledwe.